Kompyuta Yakale Yasowa Mawu Kapena Ikungozima: Mafunso ndi Mayankho

Makompyuta ambiri amene akugwira ntchito pa boma la Mzimba, pa Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni si atsopano. Ena anabwera ndi abale ochokera ku Joni, ena anagulidwa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe atagwirapo kale ntchito m'maofesi. Ndi omwewa amene amalemba makalata, kukonza mavidiyo a ukwati ndi kuika nyimbo m'mafoni. Akayamba kuvuta, ambiri amathamangira kufomata, chonsecho vuto limakhala pa waya, pa driver kapena pa magetsi.

1. Mawu asiya kutuluka. Ndiyambire pati?

Yambirani pa zosalira ndalama. Kumbuyo kwa kompyuta kuli timabowo tatatu: kobiriwira ndi ka masipika, kapinki ndi ka maikolofoni, kabuluu ndi kolowetsera mawu ochokera kwina. Onani ngati waya ali pa kobiriwira. Kenako lumikizani masipika omwewo ku foni. Akalira, ndiye kuti ali bwino. Yesaninso mahedifoni kumbuyo, chifukwa timabowo takutsogolo timakhwepa msanga ndi kuzulazula. Ngati munalumikizapo TV ndi waya wa HDMI, mwina Windows ikutumiza mawu kumeneko. Tsegulani Sound, musankhe Speakers.

2. Pachithunzi cha sipika pali mtanda wofiira. Ndiye kuti chiyani?

Nthawi zambiri ndi driver. Aka ndi kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kumvana ndi kachipangizo ka mawu kamene kali pa motherboard. Tsegulani Device Manager, muyang'ane pa Sound, video and game controllers. Mukaona chizindikiro chachikasu, kapena dzina loti Unknown device, driver yasowa kapena yawonongeka. Dinani batani lakumanja la mausi pa dzinalo, musankhe Uninstall, kenako muzimitse kompyuta ndi kuiyatsanso. Windows 7 ndi Windows 10 nthawi zambiri zimadziikira yokha driver wamba yotchedwa High Definition Audio Device, ndipo mawu amabwerera.

3. Nanga ikalephera kudziikira, yoyenera ndiipeza bwanji?

Osangotenga iliyonse imene mnzanu ali nayo m'fulashi. Mu Device Manager momwemo, pitani pa Properties, kenako Details, musankhe Hardware Ids. Pamzerewo pali nambala yosonyeza kampani imene inapanga kachipangizoko: VEN_10EC ndi Realtek, VEN_11D4 ndi SoundMAX ya Analog Devices, VEN_14F1 ndi Conexant, ndipo VEN_111D ndi IDT. Lembani nambalayo pamodzi ndi dzina la kompyuta, mwachitsanzo Dell OptiPlex 780, mukafufuze pa tsamba la kampani yake. Onetsetsani ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, chifukwa sizisinthana. Mukaipeza, isungeni m'fulashi kuti tsiku lina musadzathenso bandulo.

4. Bwanji mawu anasowa nditangosintha Windows?

Kompyuta zambiri zakalezi zinapangidwira Windows XP kapena Windows 7. Microsoft inasiya kusamalira XP mu 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo makampani ena sanapangenso ma driver atsopano a zipangizo zakale. Komabe driver ya Windows 7 kawirikawiri imagwira pa Windows 10 mukaiika kudzera pa Compatibility mode.

5. Mu Device Manager mulibiretu chilichonse cha mawu. Chapsa?

Musafulumire kutero. Poyatsa kompyuta dinani F2 ngati ndi Dell, kapena F10 ngati ndi HP, mulowe mu BIOS, muone ngati Onboard Audio ili pa Enabled. Onaninso tsiku ndi nthawi. Zikamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse magetsi akathima, kabatire kozungulira ka CR2032 ka mavoti 3 katha, ndipo BIOS ikuiwala zimene munaiuza. Ngati kachipangizo kapsadi, simufunika motherboard ina. Gulani USB sound card, kanthu kooneka ngati fulashi kokhala ndi timabowo tiwiri. Mukakalowetsa kamagwira kokha popanda driver yapadera.

6. Kompyuta imayaka, koma pakapita kanthawi imazima yokha. Chikuchititsa n'chiyani?

Choyamba ganizirani kutentha. Fumbi la m'chilimwe, makamaka m'mashopu a m'mbali mwa msewu, limatseka fani ya purosesa. Zulani pulagi, tsegulani chivindikiro, muchotse fumbi ndi kaburashi kouma, muone ngati fani ikuzungulira. Muli momwemo yang'anani timigolo ting'onoting'ono ta pa motherboard totchedwa ma capacitor. Pamwamba pake payenera kukhala pafulati. Totupa kapena totuluka zinthu zofiirira tatha ntchito. Zonsezi zikakhala bwino, kayikirani power supply. Koma bokosi lake musalitsegule, chifukwa limasunga moto ngakhale mutazula pulagi.

7. Kompyuta yochokera kunja ndingangoilumikiza?

Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Ma power supply ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kakakhala pa 115, mukangoyatsa kuphulika n'komweko. Zochokera ku South Africa zimagwirizana ndi magetsi athu, koma pulagi yake ndi ya mano ozungulira. Osadula pulagi n'kusomeka mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi. Gulani chingwe cha pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi.

8. Kodi kuthimathima kwa magetsi kungaononge mawu?

Kwambiri. Magetsi athu ambiri amachokera kutali, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo akamabwerera atathima nthawi zina amafika ndi mphamvu yopitirira. Kuzima mwadzidzidzi kumawononga mafayilo a Windows, kuphatikizapo driver. Mphenzi za m'dzinja nazo zimatha kulowera pa waya wochokera ku ampulifaya n'kuwotcha kachipangizo ka mawu. Magetsi akathima zulani mapulagi, ndipo akayaka dikirani mphindi zingapo. Amene angakwanitse agule UPS, imene imapereka mpata wosunga ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino.

9. Ndimagwiritsa ntchito sola, koma masipika amangoti ng'ung'ung'u. Nditani?

Ma inverter otsika mtengo satulutsa magetsi osalala, ndipo phokosolo limamveka m'masipika. Wa pure sine wave amachepetsa vutoli. Lumikizani kompyuta ndi ampulifaya pa ekisitenshoni imodzi, ndipo waya wa mawu asapiringizane ndi wa magetsi. Ngati ndi laputopu, zulani chaja. Phokoso likatha, vuto lili ku magetsi, osati ku driver.

10. Ndi liti pamene ndiyenera kupita kwa wokonza?

Mukamva fungo la kupsa, mukaona ma capacitor otupa, kapena kompyuta ikamagwira shoko. Musanapite, koperani mafayilo anu ngati ikuyakabe, ndipo mulembe zonse zimene mwayesa kale. Wokonza akati afomate, mufunseni kaye ngati wayesa power supply ina ndi USB sound card.