Cifukwa Cace Ucema Usasa

Anzanga, inu ocokera kunyanja ndi kucigwa ca Shire mudziwa kuti ucema ukagona masiku angapo m'cipanda usasa, osamwekanso. Ife a Fomu 4 taphunzira cimene cicitika m'cipandamo, ndipo ndifuna kukufotokozerani.

Cimene ciledzeretsa mu ucema ndi ethanol, C2H5OH. Tizirombo tosaoneka ndi maso, tochedwa Acetobacter, ticotsa maatomu awiri a hydrogen pa ethanol mothandizidwa ndi mpweya, ndipo pabadwa ethanal, CH3CHO, wa banja la aldehyde. Ameneyu sakhalitsa ai. Alandira atomu imodzi ya oxygen nasanduka ethanoic acid, CH3COOH, ndiye mwini kusasa kuja. Kucotsa hydrogen kapena kuonjeza oxygen kotere ndiko oxidation. Louis Pasteur wa ku France ndiye anaonetsa, m'zaka za m'ma 1860, kuti vinyo asasa cifukwa ca tamoyo timeneti.

M'cipinda ca sayansi sitidikira tizirombo. Titenthetsa ethanol pamodzi ndi potassium dichromate wothira sulphuric acid, ndipo madzi amene anali ngati lalanje lakupsa asanduka obiriwira. Tikafuna ethanal, timcotsa msanga ali nthunzi, monga acitira ophika kacasu, pakuti awira pa madigiri 20 okha pamene ethanol awira pa 78. Tikabwezera nthunziyo m'botolo momwemo, tipeza asidi.

Koma cimene cinandikondweretsa ine koposa ndi ici: si alcohol yense afika ku asidi. Mu propan-2-ol gulu la OH liri pa carbon wapakati. Iyenso ataya hydrogen awiri nakhala propanone, wa banja la ketone, yemwe uja alongo athu acotsera utoto wa m'zikhadabo. Pamenepo ulendo watha, cifukwa carbon wapakatiyo alibenso hydrogen woti apereke. Ndico cace mankhwala a Fehling akatenthedwa ndi ethanal afiira ngati njerwa, koma ndi propanone sasintha konse.

Njira yobwerera ndiyo reduction. Sodium borohydride abweza aldehyde ndi ketone ku alcohol wao. Asidi ngwouma mutu: afuna lithium aluminium hydride, mankhwala aukali amene sayenera kukhudzana ndi madzi.

Ciwindi ca munthu womwa mowa cigwira nchito yomweyi ya oxidation. Ethanal ali ndi ululu, ndipo akacuruka m'mwazi asanasanduke asidi, nkhope itentha, mtima uthamanga, ndi mseru ubwera.