Njira ya mmisiri wa zamagetsi: mbiri yake kuchokera ku mapulazi a ku Beatrice

Ophunzira, funso la lero ndi ili: mwana wokulira pa komboni kuno ku Beatrice amadzera njira iti kuti akhale mmisiri wa zamagetsi wodziwika ndi boma, ndipo njirayo inatseguka liti?

Tiyambe ndi malo athu. Beatrice ili pa msewu wa ku Masvingo, makilomita oposa 50 kuchokera ku Harare, pafupi ndi mtsinje wa Mupfure. Inakula chifukwa cha mgodi wa golide ndi mapulazi a fodya ndi ng'ombe zamkaka. Agogo athu ambiri anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, ena poyenda pansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Bungwe la Electricity Supply Commission litakhazikitsidwa mu 1936, makamaka magetsi a ku Kariba atayamba mu 1960, mawaya anafalikira m'migodi ndi m'mapulazi. Mapampu othirira, zigayo ndi makina okamira ng'ombe, zonsezi zinkafuna munthu wozikonza.

Apa mvetserani bwino. Kuti munthu atchedwe mmisiri, ankasainirana pangano ndi kampani, n'kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa mmisiri wamkulu, kwinaku akupita ku koleji monga Salisbury Polytechnic. Dongosololi ndi limene amati apprenticeship. Koma lamulo la Industrial Conciliation Act la 1934 silinkawerengera munthu wakuda ngati wantchito wotetezedwa ndi lamulolo, ndipo mabungwe a amisiri achizungu ndiwo ankalondera pakhomo. Choncho agogo athu ankakumba maenje a mapolo, kukoka mawaya, kunyamula makwerero ndi bokosi la zitsulo. Ambiri anaidziwa ntchitoyo poonerera, mpaka kumatsegula mota n'kuidzutsa okha, koma dzina lawo linali sipanala boyi mpaka ukalamba, malipiro akenso a sipanala boyi. Zimandipweteka ndikaganiza luso limene linakwiriridwa m'manda a m'mapulazi muno lopanda pepala.

Mu 1959 lamulolo linasinthidwa ndipo anthu akuda analoledwa, koma makampani ankatenga ochepa kwambiri. Antchito a m'mapulazi sanawerengedwe n'komwe, anatsalabe pansi pa lamulo la Masters and Servants la 1901 mpaka dziko litalandira ufulu.

Chaka cha 1980 chitadutsa, amisiri ambiri achizungu anachoka m'dziko. Boma linachita kalembera wa anthu aluso mu 1981, ndipo mu 1984 linakhazikitsa lamulo la Manpower Planning and Development Act. Lamuloli ndilo linabala thumba la ZIMDEF, momwe olemba ntchito amaponyamo 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti zithandize kusula amisiri. Ku Malawi TEVETA, yomwe inayamba mu 1999, imayenderanso msonkho wotere. Kampani ya magetsi ya ZESA itayamba mu 1986 inakhala mmodzi mwa osula amisiri a zamagetsi akuluakulu, ndipo ili ndi sukulu yake ku Belvedere, mu Harare.

Masiku ano njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya pangano ija: zaka zinayi, ntchito ya manja pakampani ndi maphunziro a ku koleji, mayeso a HEXCO, kenaka mayeso a luso. Polowera pake amafuna maphunziro asanu a O Level, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi. Khoma latsopano linali pamenepa, chifukwa sukulu za m'mapulazi zambiri zinali za pulayimale basi, sekondale ili kutali, ndiponso ana ambiri analibe chikalata cha kubadwa cholembera mayeso. Zitupa za makolo awo zinalembedwa kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika la 2001 linaonjezera mavuto. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anavomereza kuti wobadwira muno, kholo lake lili lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika.

Njira yachiwiri ndimaikonda, chifukwa ndi imene agogo aja anamanidwa. Munthu amene waphunzira ntchito ndi manja akhoza kukalembetsa trade test ku boma, atatenga kalata ya womulemba ntchito yosonyeza zaka zimene wagwira. Amayesedwa polemba ndi pogwira ntchito yeniyeni. Magiredi amayambira Class 4 kukwera mpaka Class 1, ndipo wa Class 1 amafanana ndi uja wa zaka zinayi. Koleji ya Msasa ku Harare imathandiza anthu otere kukonzekera.

Kuyambira 2000, mapulazi atagawidwa, ambiri mwa ife tinataya ntchito ndi pokhala, ndipo achinyamata tsopano amaphunzira poika masola ndi mapampu a zitsime m'mapuloti. Ngati mukugwira ntchito yotere, pemphani kalata kwa bwana aliyense musanachoke, yolembedwa tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi ntchito imene munkagwira. Popanda makalata amenewo, zaka zanu sizidzawerengedwa pa tsiku lolembetsa.