Nsupa ya Mafuta: Phunziro la Mayi, Ana ndi Ngongole za Pakhomo

Lemba lotsogolera: 2 Mafumu 4:1-7
Malemba ena: Levitiko 25:39-41, Miyambo 22:7, Malaki 3:10, Luka 14:28-30

Nkhani ya mayi wamasiye amene anakadandaula kwa mneneri Elisa timaikonda chifukwa cha chozizwitsa cha mafuta. Koma tisanafike pa mafutawo, tione kaye chimene chinamulowetsa mayiyu m'mavuto. Mwamuna wake anali mmodzi wa ana a aneneri, ndiye kuti wophunzira Mawu a Mulungu ngati ambiri a ife pano pasukulu. Anali woopa Mulungu, ndipo Elisa ankadziwa zimenezo. Komabe atamwalira anasiya ngongole, ndipo mwini ngongoleyo anali m'njira kudzatenga ana awiri aamuna kuti akhale akapolo ake.

Ngongole imasenzetsa katundu osalakwa

Lamulo la Mose linkalola kuti Mwisraeli wosauka agwire ntchito kwa amene anam'kongoza, ngakhale linkaletsa kumuzunza ngati kapolo. Choncho mwini ngongoleyo anali ndi poyambira. Wolemba mbiri wa Chiyuda, Josephus, amati mwamunayo anali Obadiya, uja anabisa aneneri 100 m'mapanga nthawi ya Yezebeli, ndipo anakongola kuti awadyetse. Baibulo silitchula dzina lake, koma ngakhale zikanakhala choncho, phunziro n'lomwelo: ngongole yotengedwa ndi cholinga chabwino imafunikabe kubwezedwa, ndipo woitenga akachoka imatsalira mkazi ndi ana.

Masiku ano palibe amene amabwera kudzatenga ana pakhomo, koma ngongole imawatengabe mwa njira zina. Mtsikana amasiyira sukulu pa Fomu 2 chifukwa ndalama ya fizi yapita kwa wakatapila. Chimanga chimagulitsidwa chikadali m'munda. Taganizirani mayi wobwereka K50,000 pa katapila wa theka: mwezi ukatha akufunika K75,000, akalephera chiwongoladzanja chimakwera pamwamba pa chinzake. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera, ndipo woyamba kumva ululu wake anali mayi amene amaona ufa ukutha m'ndowa.

Yambani ndi zimene zilipo

Elisa sanayambe ndi kum'patsa ndalama mayiyo. Anamufunsa chimene anali nacho m'nyumba. Mayiyo anayamba ndi kunena kuti alibe kalikonse, kenako anakumbukira kansupa ka mafuta. Mavuto amatiphimba m'maso motero, mpaka kuiwala dimba la kudambo, makina osokera amene achita dzimbiri, kapena luso lophika mandasi.

Bajeti ya pakhomo imayambira pa funso lomweli. Tengani kope, mulembe ndalama zimene zimalowadi pamwezi. Zimene achimwene a ku Joni analonjeza musazilembe mpaka zitafika. Mbali inayo lembani zotuluka zonse, mpaka mayunitsi a foni ndi ndalama ya kabaza, poti tinthu ting'onoting'ono timeneti ndi timene timadya ndalama mwakachetechete. Mayi Ellen G. White analemba kuti ophunzira a m'sukulu za aneneri ankadzithandiza ndi ntchito za manja awo, ndipo ankalimbikitsa kuti ana aphunzitsidwe kulemba ndalama zimene alandira ndi zimene awononga.

Tsekani chitseko, ana akhale m'katimo

Mneneri anauza mayiyo kuti abwereke mbiya zopanda kanthu kwa anansi, alowe m'nyumba ndi ana ake, atseke chitseko. Anansi anathandiza ndi mbiya, koma nkhani ya ndalama inakambidwa ndi eni nyumba okha. Ndipo anawo sanathamangitsidwe: iwo ndi amene ankapatsira mbiya mayi awo akuthira.

Ine monga mayi, mbali imeneyi ndi imene imandikhudza kwambiri. Makolo timakonda kubisira ana za ndalama, mwina powamvera chisoni, mwina poopa kuti akaulula kunja. Koma mwana amene wakhala pamphasa n'kuona fizi, lendi ndi chakhumi zikulembedwa amamvetsa akauzidwa kuti nsapato adikire mwezi wamawa. M'mera mpoyamba. Chimodzimodzinso bambo ndi mayi: banja limene mkazi sadziwa malipiro a mwamuna wake, kapena mwamuna sadziwa kuti mkazi wake watenga ngongole ku banki m'khonde, likudzitchera msampha lokha.

Chitani zinthu mwa dongosolo lake

Mafuta atasiya kutuluka, mayiyo sanathamangire kumsika. Anabwerera kaye kwa munthu wa Mulungu kukamva malangizo, ndipo dongosolo linali lomveka: agulitse, abweze ngongole, zotsalazo adye ndi ana ake. Ife monga akapitawo a Mulungu timayamba ndi kupatula chakhumi ndi zopereka, kenako chakudya, pogona, fizi ndi ngongole, n'kusungako kangachepe ka tsiku la matenda kapena maliro. Chitenje chatsopano cha ku msonkhano wa misasa chibwere zonsezi zitatheka.

Kwa inu amene simunakwatire, kambiranani za ngongole musanapite kwa ankhoswe, kuphatikizapo ngongole ya sukulu imene mudzayenera kubweza mukamaliza maphunziro. Kwa amene muli kale pabanja, lembani wilo. Lamulo la dziko lathu la 2011 lokhudza chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa amasiye, koma wilo yolembedwa bwino imapulumutsa mkazi ndi ana ku mikangano yambiri.

Mafunso okambirana

1. Kodi mutachoka lero, a pabanja panu angadziwe amene muli nawo ngongole ndi amene anakukongolani?
2. Ndi "nsupa ya mafuta" iti imene ili pakhomo panu koma simukuigwiritsa ntchito?
3. Amayi a Dorika ndi a Utumiki wa Mabanja mu mpingo wanu angathandize bwanji amasiye kuyamba kudziimira paokha?

Sabata likatuluka madzulo ano kapena Lamlungu m'mawa, itanani a m'nyumba mwanu, mupemphere, mutsegule kope, mulembe mzere woyamba.