Phunziro la Sabata Ino: Amake a Mose Anayamba Amata Dengu

Werengani Eksodo 2:1-10 ndi Salmo 121.

Amake a Mose anali ndi chikhulupiriro, koma asanaike mwana pamtsinje anamata kadengu kaja ndi phula kuti madzi asalowe. Mulungu anasunga Mose kudzera m'manja mwa amai osamala.

Manje tili mu Julayi, ndipo ku overnight tikuona makanda masaya atang'ambika ndi chisanu. Amai ndi atate, khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa lanu, limauma msanga. Musambitseni ndi madzi ofunda osachedwa m'bafa, mumupukute pang'onopang'ono osakhula, kenako mumudzoze Vaseline khungu likadali lonyowako. Mafuta amene abusa amapempherera salowa m'malo mwa zimenezi ayi. Pobwera kutchalitchi avale chipewa ndi masokosi. Kunyumba, mbaula yamoto isagone m'chipinda chotseka chifukwa mpweya wa makala sununkha koma umapha.

Mphepo ya Ogasiti ikayamba, mumutchingire fumbi ndi chitenge, chabe mphuno ndi pakamwa zisaphimbike.

Salmo 121 limatilonjeza chitetezo ku dzuwa, inde, koma pamthunzi mumukhazike ndinu, makamaka mu Okutobala. Mwana wosakwana miyezi 6 asakhale padzuwa, ndipo kukatentha aziyamwa pafupipafupi, madzi ayi. Mukaona zilonda, matuza kapena thupi latentha, tiimbireni foni tipemphere muli kale panjira ya kukiliniki.