Kusankha Maphunziro a Pakhomo a Mwana Amene Zakudya Zina Zimamuwenga

1. Tikamasankha mabuku ophunzitsira mwana wamng'ono pakhomo, maso athu amathamangira pa mtengo ndi zithunzi. Koma ngati mtedza, mazira, mkaka kapena tirigu zimamuwenga, tiyambe taona zipangizo zimene phunziro lililonse likufuna.

2. Maphunziro ambiri a ana a zaka 3 mpaka 6 amagwiritsa ntchito chakudya: kuwerengera ndi mtedza, kuphika makeke, kuumba ndi Play-Doh, amene ali ndi ufa wa tirigu. Pa msinkhu umenewu zala za mwana sizichedwa kulowa m'kamwa. Choncho tisankhe maphunziro otheka kuwasintha popanda kutaya cholinga chake: zitsekerero za mabotolo m'malo mwa mtedza, dongo m'malo mwa ufa.

3. Phunziro lina sililembedwa m'buku. Mwana aphunzire kunena mwaulemu kuti: "Zikomo agogo, koma mtedza umandiwenga. Kodi ndiwozi ndi zotendera?" Ifenso tidziwe kuti milomo ikatupa kapena akamapuma movutikira, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mafunso okambirana:
a) Ndi zipangizo ziti m'maphunziro a ana athu zimene tingasinthe?
b) Tingamuteteze bwanji mwanayu popanda kumupatula kwa anzake?