Mankhwala a Likodzo ndi Nyongolotsi Zakudya Korali

Anzanga, ambiri a ife tinamezapo mibulu yoyera, yaikulu ndi yowawa ija imene anthu a zaumoyo amabwera nayo m'masukulu cifukwa ca likodzo. Amayamba atiimika pa ndodo yopimira msinkhu, nawerenga mibulu molingana ndi kutalika kwa munthu, natilangizanso kuti tiyambe tadya tisanamwe. Dzina la mankhwalawo ndi praziquantel. Cimene ndifuna kukufotokozerani m'nkhani ino ndi cakuti mankhwala omwewo ali ndi nchito ina kutali ndi kwathu kuno, ku Ulaya, ku America ndi ku Australia, kumene anthu amaciritsa nao korali wodwala m'mathanki a galasi. Nanga zitheka bwanji kuti mankhwala a mwana wa sukulu athandize cinthu ca pansi pa nyanja ya mcere? Tiyeni tione.

Poyamba timdziwe korali. M'nyanja yathu ya Malawi mulibe, pakuti iye amafuna madzi amcere, ndipo wapafupi ndi ife ali m'mphepete mwa Indian Ocean, monga ku gombe la Pemba m'dziko la Mozambique. Munthu womuona koyamba anganene kuti ndi mwala, kapena citsamba comera m'madzi, koma zoona zace n'zakuti ndi nyama. Ndi tizilombo ting'onoting'ono tambirimbiri tokhala pamodzi ngati mudzi, ndipo kalikonse kali ndi kamwa pakati ndi timanja tozungulira kamwapo. Tizilomboti timatenga laimu wa m'madzi ndi kumangira cigoba colimba, ndipo mnofu wamoyo umangokuta pamwamba pa cigobaco, wopyapyala ngati njereza yopaka pa khoma. M'kati mwa mnofuwo mumakhala tindere tosaoneka ndi maso timene timapanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa, monga acitira masamba a cimanga, ndipo korali amadyako. Tindere timeneti muzitikumbukira, pakuti tikumana nato kutsogoloku.

Mitundu ya korali ndi yambiri, koma umene tikambe pano ndi wochedwa Acropora, umene umaphuka nthambi zonga nyanga za mphalapala. Monga mbuna za m'nyanja yathu zimatumizidwa kunja kukawetedwa m'mathanki a galasi, momwemonso anthu ena amaweta korali ameneyu m'nyumba zao. Si nchito yamasewera ai. Madzi ace ayenera kukhala ndi mcere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ofunda cama digiri 25, oyenda usana ndi usiku ndi mapampu, ndiponso owalitsidwa ndi nyali zamphamvu m'malo mwa dzuwa. Munthu amayamba ndi kanthambi kotalika ngati cala, nakasamala zaka zingapo kufikira katakhala citsamba cacikulu. Oweta amadula tinthambi nagulitsana kapena kusinthana. Akatswiri a sayansi naonso amaweta korali m'mathanki akuluakulu kuti amphunzire bwino, ndiponso kuti ena akambzale m'nyanja mmene wakale anafa. Tsono onsewa ali ndi mdani mmodzi amene amalowa ndi kanthambi kogula kwa mnzako.

Mdaniyo ndi nyongolotsi yopyapyala ngati tsamba, yobulungira ngati njere ya dzungu, yaing'ono kotero kuti zambiri sizifika sentimita imodzi. Codabwitsa n'cakuti anthu anaidziwira m'mathanki asanaione m'nyanja. M'caka ca 2011 katswiri wina wamkazi, Kate Rawlinson, pamodzi ndi anzace, anaifotokoza m'mabuku a sayansi naicha Amakusaplana acroporae, ndipo zimene anapima zinali zocokera m'mathanki. Mu 2012 ndi pamene zinamveka kuti yapezeka kwao kwenikweni, pa cilumba ca Lizard Island ku Great Barrier Reef, m'mbali mwa Australia. Mu 2019 akatswiri ena anaipimanso naisinthira dzina kukhala Prosthiostomum acroporae. Maina amenewa ndi obvuta pakamwa, koma ndawalemba kuti wofuna kufunsa kwa aphunzitsi a sayansi adziwe pofunsira.

Kodi inabisala bwanji nthawi yonseyo? Apa ndi pamene pali nkhani. Nyongolotsiyi imakakamira pa nthambi, nitulutsa kum'mero kwace ngati kapaipi, niyamwa mnofu wa korali. Poyamwapo imamezanso tindere tija pamodzi ndi mtundu wa mnofuwo, ndipo popeza matumbo ace ali ndi tinthambi tofalikira thupi lonse, iyo imasanduka mtundu wa cimene yadya. Ikadya korali wofiirira iri yofiirira. Birimankhwe amasintha mtundu ndi khungu lace, koma iyi imabvala cakudya cace. Kuonjeza apo imakonda kukhala kunsi kwa nthambi, kumthunzi, kumene diso la mwini thanki silifika. Kotero munthu amayamba waona zipsera asanaone wolumayo: timadontho toyera tozungulira, tocepa ngati njere za mawere, pamene mnofu wacotsedwa. Pambuyo pace korali amacita mbuu, timanja tace sititambasukanso, mnofu umayamba kusupuka kucokera kutsinde kukwera m'mwamba, ndipo cimatsala ndi cigoba coyera cakufa. Citsamba cimene munthu analera zaka zinai cikhoza kutha m'miyezi yowerengeka. Wokaikira amatenga nthambi, naiika m'mbale yoyera ya madzi amcere, naipopera madzi mwamphamvu ndi kacubu kofinya. Ngati ziripo, zina zimagwa nizioneka pa mbale yoyerayo zikukwawa.

Tsono tibwerere ku mibulu yathu ija. Kacilombo ka likodzo, kamene dotolo wa ku Germany Theodor Bilharz anakapeza ku Cairo m'caka ca 1851, nakonso ndi nyongolotsi ya fuko lomweli la zopyapyala. Kena kamakhala m'mitsempha ya magazi a munthu, kena pa nthambi ya korali, koma matupi ao anapangidwa mofanana, monga mphaka ndi kambuku. Cifukwa cace mankhwala opweteka wina amapwetekanso mnzace. Praziquantel anapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1970, ndipo nchito yace ndi yotsegula timakomo ta m'thupi la nyongolotsi kuti calcium alowe woculuka. Pamenepo minofu yace imakokana nthawi imodzi, niuma gwa, ndipo siingathenso kugwira. Alipo mankhwala enanso ochedwa levamisole, amene anapezeka ku Belgium m'zaka za m'ma 1960, ndipo alimi amawadziwa pakuti ndi amene amamwetsa mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe cifukwa ca njoka za m'mimba. Iwo amagwira pamene mitsempha ilamulira minofu, koma mapeto ace ndi amodzimodzi: nyongolotsi imakomoka nitaya pamene inakakamira.

Korali sangameze m'bulu, cotero amamsambitsa. Mwini thanki amatunga madzi amcere m'cidebe capadera, nasungunulamo mankhwala opimidwa bwino pa sikelo, pakuti ocepa sagwira nchito ndipo oculuka amapweteka wodwala yemwe. Praziquantel ndi wobvuta kusungunuka m'madzi, motero amafuna kumtakasa nthawi. Nthambi imakhala m'menemo ngati ola limodzi, madzi akuyendetsedwa pang'onopang'ono. Ikatha nthawiyo amaigwedeza ndi kuipopera, ndipo ici n'cofunika kwambiri, cifukwa nyongolotsi yokomoka ikhoza kutsalira pakati pa nthambi nidzatsitsimuka mawa. Atatero amaitsukuluza m'madzi amcere oyera. Jonathan Barton ndi anzace, a ku James Cook University mu mzinda wa Townsville ku Australia, anayesa mankhwala awiriwa, ndipo mu 2021 analemba kuti onse awiri anacotsa nyongolotsi zoposa 9 mwa 10 zirizonse, korali osafa.

Wina angati, basi nkhani yatha, mankhwala apezeka. Iai, anzanga, mpamene yayamba. Nyongolotsi iriyonse ya mtundu umenewu iri ndi ziwalo zacimuna ndi zacikazi zomwe, kotero kuti palibe imene siikira. Imaikira mazira ace m'timagulu pa cigoba coyera, makamaka kutsinde kumene yatha kudya mnofu, niwamata zolimba. Amaoneka ngati timadontho tofiirira toundana pamodzi, ndipo m'kathumba kamodzi mumakhala ana angapo. Timatumba timeneti tiri ndi khungu lolimba limene mankhwala salowa. Mukhoza kusambitsa nthambi lero, nyongolotsi zonse zazikulu n'kugwa, inu n'kukondwa; koma pakapita masabata awiri kapena atatu mazira aja aswa, ana abalalika, ena akwawa pa nthambi yomweyo, ena asambira kunka ku nthambi zina, ndipo ndi ang'ono kotero kuti simungawaone. Pofika mwezi wacitatu zipsera zabweranso, ndipo munthu wosadziwa amati mankhwala anali acabecabe. Mankhwala analibe mlandu. Anangogwira amene anawapeza.

Amene munaperekezapo ng'ombe ku dibi mukudziwa kale zimenezi. Dibi limapha nkhupakupa zimene ziri pa ng'ombe tsiku limenelo, koma mazira ace ali m'udzu kudambo, kumene madzi a dibi safika. N'cifukwa cace ng'ombe sizipita ku dibi kamodzi kokha pa caka, koma zimabwererako kawirikawiri, kuti nkhupakupa zatsopano zife zisanakhute ndi kugwa pansi kukaikira. Woweta korali acita cimodzimodzi. Amasambitsa nthambi zace kamodzi pa sabata kwa masabata 6 kapena kuposa. Nzeru yace ndi iyi: mwana wa nyongolotsi akaswa amatenga masabata angapo asanakule kufika poikira, tsono ngati kusamba kukubwera masiku 7 ali onse, aliyense woswa adzakumana ndi mankhwala asanaikire dzira ngakhale limodzi. Mazira akale amanka naswa mpaka atha, ndipo atsopano palibe wowaikira. Koma mukangolumpha masabata awiri cifukwa ca ulesi, kapena mukaleka msanga poona kuti mbale yayera, imodzi yopulumuka idzakula niikira, ndipo muyenera kuyambanso kuwerenga kucokera pa tsiku loyamba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndiona kuti pa nchito imeneyi kalendala ndi wamphamvu kuposa botolo la mankhwala. Kufunda kwa madzi kumalowanso m'ciwerengeroco, cifukwa m'madzi ofunda mazira amaswa msanga ndipo ana amakula msanga, pamene m'madzi ozizirirapo zonse zimacedwa, ndipo masabata a kusamba ayenera kuonjezedwa.

Wocenjera sadikira kuti mazira onse aswe okha. Amatenga galasi lokulitsa zinthu nayang'ana kutsinde, napala mazira ndi kampeni. Koma popeza ena amabisika m'ming'alu, ambiri amangodula nthambi zamoyo za pamwamba, nazimata pa timiyala tatsopano, nataya tsinde lonse. N'zowawa kudula citsamba cimene unalera, koma korali ali ngati cinangwa: kamtengo kodula kamaphukanso.

Mwina mufunsa kuti, bwanji osangothira mankhwala m'thanki monse kuti zithe kamodzi? Ena amayesa, koma ine sindiona nzeru pamenepo. Thanki ya korali iri ngati munda wodzala ndi zamoyo: m'miyala ndi mumcenga muli tinyongolotsi tina tabwino timene timadya zonyansa, muli nkhono, nkhanu ndi tizilombo tina, ndipo mankhwala sadziwa kusankha. Zikafa zambiri nthawi imodzi zimaola, madzi naipa, ndipo nsomba ndi korali yemwe mumafuna kumpulumutsa zimabvutika. Ngakhale mutatero, mazira aja atsalabe. Njira yabwino ndiyo kucotsa Acropora yense, osasiya ngakhale kacidutswa komera pa mwala, ndi kumsamutsira ku thanki ina yopanda miyala, yonga cipinda ca odwala, kumene azikasambitsidwa. Thanki yaikulu ikhale yopanda Acropora masabata onsewo. Nyongolotsiyi siidya korali wa mitundu ina, cotero ana oswa m'menemo amasowa cakudya nafa ndi njala m'masiku owerengeka.

Ziripo ndi zamoyo zina zothandiza. Barton yemweyo ndi anzace anaonetsa mu 2020 kuti kansomba kena ka mizere 6 ka m'nyanja ya mcere kamadya nyongolotsi zazikulu koma mazira sikawakhudza, pamene kanyama kena konga nkhanu yaing'ono yoonda, kochedwa Lysmata vittata, kamadya zazikulu ndi mazira omwe. Zimenezi zimacepetsa bvuto, monga mphaka acepetsa makoswe m'nkhokwe, koma palibe mphaka amene anathetsa makoswe onse a m'mudzi, ndipo oweta amaziyesa zothandizira cabe.

Masabata aja akakwana, mwini amasambitsa nthambi kotsiriza nayang'anitsitsa m'mbale yoyera. Ngati kwa maulendo awiri kapena atatu otsatizana simunagwe kanthu, ndipo kutsinde kulibe timadontho tofiirira, ndiponso mnofu wayamba kukuta zipsera zakale, amabwezera korali m'thanki yaikulu. Kuyambira pamenepo kanthambi kalikonse kacilendo, kaya kogula ku sitolo kaya kopatsidwa ndi bwenzi, kamayamba kadulidwa tsinde, kasambitsidwa, nikakhala masabata ace m'cipinda ca odwala cija kasanaloledwe kulowa pakati pa anzace.