Nyumba yaikulu ya tinjerwa

Mau atsopano: cimango, cikombole, mapesi, luzi, mcirikizo

Werengani nkhani iyi.

Dalitso ndi mlongo wake Misozi amakhala ku Petauke, m'dziko la Mfumu Kalindawalo. Tsiku lina aphunzitsi anauza ana a Giredi 3 kuti apange zinthu zokaonetsa makolo pa tsiku lotsekera sukulu.

"Ise tidzamanga nyumba yaikulu monga cipatala ca Kalindawalo," anatero Misozi.

Anawo anakumba dothi pa culu ndi kuliponda. Cikombole cao cinali kabokosi ka macisa. Anaumba tinjerwa tambiri, natiyanika pamthunzi masiku atatu. Titauma, anamanga nyumba yaitali pa thabwa limodzi. Koma ponyamula thabwalo, zipupa zinang'ambika. Nyumba yonse inagwa, phu!

"Mayo ine! Manje ticita bwanji?" analira Dalitso. Panatsala sabata imodzi cabe.

Madzulo amalume ao anafika kucokera ku Nyimba ndi mkoko wa nthoci. Iwo ndi mmisiri womanga nyumba. Misozi anagwada nati, "Amalume, tithandizeniko. Nyumba yathu yagwa."

Amalume analoza nkhokwe nati, "Ana inu, onani nkhokwe ya ambuye anu. Asanaimate ndi dothi, anayamba amanga cimango. Cimango ndiwo mafupa a nyumba. Ndiponso nyumba yaikulu musaimange yonse pamodzi. Mangani cipinda cimodzi cimodzi."

M'mawa anawo anatola mapesi ouma m'munda. Anapima ndi rula, nadula mapesi 12. Phesi lililonse linali lotalika masentimita 30. Mapesi anai anagona pansi, anai anaimirira pangodya, ndipo anai anakhala pamwamba. Ngodya zonse anazimanga ndi luzi. Dalitso atakankha ndi cala, cimango cinapendeka.

"Cikali kugwedezeka, amalume!"

Amalume anatenga phesi lina lotalikirapo. Analimanga kucokera pa ngodya ya pansi kufika pa ngodya ya pamwamba ya mbali ina. "Uwu ndi mcirikizo," anatero. "Werengani makona amene apangika apa."

"Atatu!" anayankha Misozi.

"Eya. Pamene pali makona atatu, cimango sicipendeka."

Anawo anaika mcirikizo pa cipupa ciliconse. Kenaka anapanga zimango zina zitatu zolingana ndi coyamba. Cimango ciliconse anaciika pa kathabwa kakekake, namanga tinjerwa mocizungulira. Amalume anawauza kuti kanjerwa ka pamwamba kazikhala pakati pa tinjerwa tiwiri ta pansi. Motero cipupa cimagwirana bwino.

Tsiku lotsekera sukulu linafika. Anzao awiri anawathandiza, ndipo mwana aliyense ananyamula cipinda cimodzi. Panjira Dalitso anapunthwa pa mwala. Tinjerwa tisanu tinagwa, koma cimango sicinathyoke. Zipinda zina zitatu zinali bwinobwino. Atafika kusukulu, Misozi anabwezerapo tinjerwa tija ndi dothi lonyowa. Anagunditsa zipinda zinai, namanga zimango zake pamodzi ndi luzi. Inakhala nyumba imodzi yaitali masentimita oposa 120. Amai ao ataiona, anaimba nthungululu.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi Dalitso ndi Misozi amakhala kuti?
2. Anagwiritsa nchito ciani monga cikombole?
3. N'cifukwa ciani nyumba yoyamba inagwa?
4. Kodi mcirikizo umathandiza bwanji cimango?
5. Cimango cimodzi cinafuna mapesi 12 osawerengera micirikizo. Nanga zimango ziwiri zifuna mapesi angati?

Citani izi.

Khalani m'magulu a ana anai. Mwana aliyense apange cimango cimodzi ca mapesi. Pemphani wamkulu kuti akuduliremi mapesi ndi mpeni. Gunditsani zimango zanu, ndipo muuze anzanu dzina la nyumba imene mwamanga.